Bawuti Yomanga ndi Waya

Pamene ndimafika ku Kabwata, mu Lusaka, Lolemba m'mawa uja, anthu anali atatopa nako kumenya. Ndikunena kutopa kwenikweni: ena atakhala pansi akupuma wefuwefu, wina akusakasaka nsapato yake. Lole ya unga inali italowetsa mutu m'khonde la shopu, malata atagwera pagalasi. Matumba awiri anali ataphulika, ndipo unga wosakanikirana ndi magazi unali utapondedwapondedwa mpaka kumsewu. Pansi pa chitenje panagona mayi wina. Pafupi ndi teyala lakumbuyo panali chinthu chimene ndinachiyesa thumba, mpaka chinatsokomola.

Ameneyo anali dalaivala, Petros Njobvu.

Ine ndine Gilson Miti, sajenti wofufuza milandu, kwathu ku Katete. Zaka zimenezo za chipani chimodzi chilichonse chinali cha pamzere: sopo, mafuta ophikira, unga. Ndewu za pamzere ndinaziona zambiri, koma munthu womenyedwa chotero ndinali ndisanamuonepo.

"Wayamba kumumenya ndani?" ndinafunsa tcheyamani wa chipani amene amayang'anira mzerewo.

"Ni bantu, ba Sajenti."

"Anthuwo alibe mayina?"

"Bantu bakakalipa sibankala na maina."

Ndinamusiya ndisanamutukwane. Amene anandithandiza ndi mayi wogulitsa zitumbuwa, Christine, yemwe pakamwa pake sipamafuna kukankha.

"Ine naona vonse, nenze apa na beseni yanga! Lole yabwela ilila hutala kuchokela ku kona uko, dalaiva achosa mutu apunda ati chokani, chokani! Manje ndani angachoke pa laini ya unga? Bana Chibesa, ba Bernadette aba bagona apa, benze boyamba, kuchokela faifi koloko. Baniuza beka ati bamuna banga baniuza unga ubwela lelo."

"Amuna awo ndani?"

"Ba Davies Chisenga, ba makanika ba lole yamene iyi! Mayo ine! Babwela bathamanga kumbuyo kwa lole, thukuta lokalokha. Pamene baona chitenge cha bakazi bao, bangena mu lole, batenga sipanala ya mawilo, bamudonsa dalaiva pa windo. Yoyamba pa chibwano. Namvela fupa ine, phwa!"

"Mwati anafika akuthamanga kumbuyo kwa lole?"

"Ee, fumbi ikalibe na kunkala pansi."

Mawu amenewo ndinawalemba, n'kuwadula mzere kunsi.

*

Ndisanayambe kufufuza milandu ndinagwira zaka zisanu ndi chimodzi m'galaji ya apolisi, choncho sindidikira munthu wina kuti andiuze chimene chavuta galimoto. Ndinavula jekete n'kukwawira pansi pa lole.

Lole ya dizilo ya mtundu umenewu imakhala ndi kapampu kumbuyo kwa alitaneta, kakakulu ngati chibakera. Ntchito yake ndi kukoka mpweya m'thanki ya mabuleki, kuti dalaivala akangoponda pang'ono mabuleki agwire mwamphamvu. Pampu ikafa, thankiyo imasunga mphamvu yoponda kawiri, mwina katatu. Ikatha imeneyo, ngakhale uimirire pachopondera ndi miyendo yonse iwiri, lole yodzaza siima.

Ndinkayembekeza kupeza pampu yakufa. Sindinapeze pampu iliyonse. Pamalo pake panali mabowo atatu a mabawuti, oyera bwinobwino.

Chimene chinandiumitsa thupi ndi paipi ya oyilo imene imadyetsa pampuyo. Wakuba wapachangu amaisiya ili pululu, oyilo n'kumatayikira pansi, ndipo Petros akanaona chithaphwi asanatuluke pageti. Koma uyu anaitseka ndi bawuti, n'kuikapo washa watsopano. Mutu wa bawutiyo anauboola, n'kulowetsa waya, n'kuupota kasanu ndi kamodzi, nsonga yake n'kuipindira mkati kuti isabaye chala. Paipi ya mpweya nayo anaitseka bwino. Munthu ameneyu anaimvera chisoni injini, koma anthu sanawaganizire. Zinandinyansa kwambiri.

Ndinadula wayawo mosamala, n'kuukulunga m'mpango pamodzi ndi bawuti yake.

*

Kuchipatala ndinamupeza Petros masana, dzanja lamanzere lili pa unyolo womangirira kubedi. Akuluakulu anga anali atagamula kale: anagulitsa pampu, anapha munthu. Nthiti zinayi zinali zothyoka, diso limodzi lotsekeka, nsagwada madokotala atazimanga ndi waya. Mkazi wake, Febby, ankamudonthezera madzi ndi supuni.

"Petros, ndine wapolisi. Unaponda buleki kangati?"

Mawu ankatulukira m'mano, limodzilimodzi. "Pageti... inagwira. Pamphambano... inagwira. Kachitatu... mwala."

Pamene ankanena zimenezi ndinamva chitsulo cha bedi chikulira. Phazi lake lamanja linali likukankha chitsulo cha kumiyendo, kusiya, kukankhanso.

"Akhala akuchita chonchi chibwerereni," anatero Febby. Kenaka anandikokera pakhomo n'kugwada, pakhonde la chipatala pomwepo, anthu akudutsa. "Abwana, alongo ake a malemu anabwera kunyumba. Akuti Lachitatu akachoka kumanda, nyumba yathu aitentha, ndipo akatha abwera kuno kudzamaliza atate ake Emmy. Ana atatu ndipite nawo kuti? Amuna anga samwa, saba, Lamulungu lonse anali kukwaya mpaka dzuwa kulowa. Funsani mpingo wonse."

"Dzukani, mayi."

"Sindidzuka mpaka mundiuze."

Ndinamuuza kuti nyumba siipsa. Ndinalonjeza chinthu chimene ndinalibe m'manja, ndipo ndinatuluka ndili ndi mantha.

*

Mwini lole, Norbert Mukuka, amakhala ku Kabulonga, kumene agalu amadya bwino kuposa sajenti. Sanandipatse mpando.

"Pampu yenze nyowani, Sajenti. Miyezi isanu nayembekeza, mu Lusaka yonse mulibe. Inabwela kuchokela ku Francistown pansi pa mpando wa basi. Davies anachosa yakufa pa Chibelu kuseni, aika nyowani, nayesa neka mabuleki. Petros apita ku chigayo, alonga unga, apaka mu yadi."

"Mwati Loweruka m'mawa. Nanga ungawo umayenera kupita kushopu nthawi yanji?"

"Mande, fotini awazi. Manje hafu eiti tcheyamani atuma foni ati bantu bayamba kupwanya mawindo. Napita neka kumutenga Petros ku nyumba, nati nyamula manje manje."

"Makanika munamuuza kuti nthawi yasintha, sikhalanso 2 koloko masana?"

"Nimuuze chani? Makanika ni wa masipanala."

"Makiyi a geti ali ndi ndani?"

"Ine, Petros, Davies." Anayatsa ndudu. "Ni Petros anagulisa. Madalaiva bonse ni bakawalala."

"Ba Mukuka, munthu angagulitse mabuleki ake, kenaka n'kukwera yekha lole yodzaza?"

Anauzira utsi kumbali. "Iyo ni nchito yanu."

Pamenepo yekha ananena zoona.

*

Lachiwiri m'mawa ndinapita kunyumba ya maliro. Amayi anali mkati akulira, abambo panja pansi pa tenti ya lona. Davies anali chimunthu chachikulu, maso ofiira, zala zotupa. Ndinamupepesa monga mwa mwambo, kenaka tinapatukira kuseri kwa nyumba.

"Pampu munaigwira liti komaliza, ba Chisenga?"

"Pa Chibelu, mukwai. Pa Sondo nenze ku chalichi, kuchoka apo pa nyumba."

"Tsiku lonse?"

"Siku yonse."

"Lolemba munathamangiranji kushopu?"

"Baniuza ku yadi ati lole yachita ngozi."

"Anakuuzani ndani?"

"Bantu."

Anthu aja opanda mayina anali atafikanso kuno. Kuchokera kuyadi kufika kushopu ndi mtunda woti munthu wothamanga amatha mphindi zisanu kapena kuposa. Kuti uthenga upite ndipo iye abwere, fumbi likanakhala litagona kalekale. Munthu uyu sanathamangire ngozi ayi, ankathamangitsa lole.

Sindinamuuze zimenezo. Pobwerera kutenti ndinapunthwa pachikhomo, n'kugwira mzati kuti ndisagwe. Lona anali atamangirira kumzatiwo ndi waya. Ndinawerenga ndi chala: kupota kasanu ndi kamodzi, nsonga yopindira mkati.

"Yalimba iyo, simungaigwese," anatero mkulu wina amene anakhala pafupi. "Bamanga beka ba Davies. Aba banaphunzila nchito ku migodi, ku Mufulira. Kuja ukasiya bauti yosamanga waya bakupisha siku yamene iyo. Olo chitseko cha chimbuzi, beve ni waya."

Kumbali ina ya tenti John, mlongo wake wamkulu wa malemu, ankandiyang'ana. Pansi pa mpando wake panali chigubu, ndipo fungo la palafini ndinalimva ndili pomwe ndinaima.

*

Waya si umboni woti n'kuimitsa nawo anthu olusa. Ndinkafuna pampu yeniyeniyo, ndi chifukwa chake. Ndinakhala m'galimoto ndikutembenuza bawuti ija m'manja. Munthu wogulitsa chitsulo satseka mapaipi mwaudongo chonchi. Amatseka chonchi ndi munthu amene akudziwa kuti abwera kudzabwezeretsa. Nanga ndani amafuna pampu ya theka la tsiku?

Ndinadzimenya pachipumi. Fitinesi!

Masiku amenewo zitsulo zinkasowa moti lole yopita kukayezedwa inkavala za eni ake. Mateyala obwereka, nyali zobwereka, batire yobwereka. Ikapatsidwa pepala, masana zonse zinkabwerera kwawo. Madalaivala onse ankadziwa, ife apolisi tinkadziwa, ndipo ndivomere kuti inenso m'galaji muja ndinabwereketsapo nyali.

Kumalo oyezera magalimoto kalaliki ananditsegulira buku. Lolemba m'mawa panadutsa lole imodzi yokha ya mtundu umenewo, ya Abson Nkandu wa ku Chelstone.

Ndinamupeza akutsuka loleyo paseri pa nyumba yake. Atangoona mpango ndi bawuti m'manja mwanga, anatola chitsulo cha jeke n'kundiponyera. Chinandipala khutu, magazi chuu m'kolala. Ndinamudumphira, tinagwera m'matope a sopo, ndinamukhoma chigongono pamphuno, n'kumupotoza dzanja mpaka anakuwa ngati mbuzi. Sindinyadira zimenezo, koma khutulo mpaka lero silimva bwino.

"Sininagule! Sininagule, bwana! Nabweleka chabe!"

"Kwa ndani?"

"Kuli ba Davies! Babwela pa Sondo fifitini awazi, bachosa yanga yakufa, baika iyi. Bati twelufu pa Mande nizabwela kuitenga, lole yathu inyamuka fotini. Nayembekeza, sibanabwele. Pamene namvela va ku Kabwata, nachita mantha. Nili na bana, bwana!"

"Amene wafayo analibe ana? Tenga masipanala."

Anaimasula yekha ine nditamuimirira, mphuno ikudontha. Anayamba ndi paipi ya mpweya, kenaka ya oyilo, oyilo wakuda n'kutsikira m'mikono. Pamabawuti atatu aja anayamba wadula waya, ndipo waya uliwonse unali wopota kasanu ndi kamodzi. Anaigwedeza pang'ono, pampu n'kusolokera m'manja mwake, yatsopano, utoto wake usanasuluke n'komwe. Kanthu kolemera ngati njerwa imodzi. Ndinaiika m'thumba la unga lopanda kanthu.

*

Ndikanatha kumugwira Davies madzulo omwewo. Koma tangoganizani: apolisi kunyamula wamasiye pamaliro a mkazi wake, mtembo usanaikidwe. Akanatigenda, ndipo nyumba ya Petros ikanapsa tsiku lomwelo. Ndinapempha apolisi khumi oti akalondere nyumbayo, anandipatsa awiri ndi galimoto imodzi. Choncho ndinadikira Lachitatu, ndikudziwa bwino kuti choonadi chiyenera kunenedwa pagulu, ndiponso kuti pagulupo chikhoza kupha munthu.

Anabwerako kumanda dzuwa lili pamutu. Pageti panali beseni losambira m'manja, koma John ndi anyamata ake sanasambe. John anatulutsa chigubu chija, wina ananyamula fosholo ya kumanda dothi likadali pomwepo, ena zidutswa za njerwa. Anthu ngati makumi asanu anayamba kutembenukira kumsewu wopita kwa Petros.

Ndinaima pageti. "Ba John, dikirani pang'ono."

"Chokaniko, ba Sajenti. Mulongosi wanga tamusiya mu dothi. Uja kawalala agona pa bedi ya boma."

"Mphindi imodzi yokha." Ndinapita pamene anakhala Davies, n'kuika thumba lija pamapazi ake. Ndinayankhula motsitsa, kuti amve yekha. "Ndachokera kwa Abson. Kunyumba kuja kuli ana atatu. Unena iwe, kapena ndinene ine?"

Sanaligwire thumbalo. Ankangoliyang'ana. John anabwera, analikankha ndi phazi, pampu n'kugubudukira pafumbi.

"Ni chani ichi, mulamu?"

Davies anaimirira pang'onopang'ono. "Nenze nati fotini," anatero. "Lole yenze ya fotini. Twelufu nenze kuibweza. Nenze nati fotini, mulamu."

"Ukamba chani iwe?"

"Nine nachosa pampu. Petros sanazibe. Nine namuuza Bernadette ati pita kuseniseni, unkale kusogolo."

Panali zii, moti ndinamva mwana akuyamwa m'nyumba. Kenaka mayi wina anakuwa, ndipo fosholo ija inatsika. Inamupeza Davies paphewa, yachiwiri pamutu. Sanatchinge ngakhale ndi dzanja. Anagwada, njerwa zikumugwera pamsana, John akumuponda kumaso ndi nsapato ya kumaliro. Wina anatsegula chigubu n'kumukhuthulira palafini.

"Machisa! Leta machisa!"

Ndinawombera kumwamba kawiri. Anthu anabalalika pang'ono, ndipo ndinaima chotangadza pamwamba pake, mfuti nditaloza pachifuwa cha John. John anayang'ana mfutiyo.

"Muzanishuta chifukwa cha uyu?"

"Sindikufuna. Koma mlongo wanu mwamuika lero, musachititse kuti amayi anu aike mwana wachiwiri mawa."

John anabwerera m'mbuyo. Kenaka anakhala pansi pafumbi pomwepo n'kuyamba kulira mokweza, chigubu chili chogwa pambali pake. Apolisi anga awiri aja, amene ndinabwera nawo kumaliro, anamukoka Davies miyendo mpaka m'galimoto, njerwa zikulira pamalata ake.

Tili m'njira ndinatembenuka. Nkhope yake sinkaoneka bwino ndi magazi, galimoto yonse ikununkha palafini. Ndinali ndi funso limodzi limene silinali la m'buku.

"Pamene umamuphwanya Petros ndi sipanala, unkadziwa kuti alibe mlandu?"

"Nenze niziba."

"Nanga unamumenyeranji?"

Analavula dzino m'dzanja lake n'kuliyang'ana. "Manje nikanamenya ndani, ba Sajenti?"

Ndinkafuna kumumenya, ndinkafunanso kulira, ndipo ndinangouza dalaivala kuti athamange.

*

Kuchipatala ndinafika cha m'ma 4 koloko, khutu lili ndi bandeji. Febby anaimirira atandiona, manja ali pamutu.

"Nyumba ilipo, mayi. Ana ali bwino. Palibe abwere kuno."

Anakhala pansi. Ndinatulutsa kiyi n'kumasula unyolo. Pamkono pa Petros panatsala mzere wofiira.

"Petros, wamasuka. Pampu anachotsa ndi Davies, wavomera pamaso pa anthu. Iwe ulibe mlandu, wamva?"

Diso lake limodzi lija linandiyang'ana. Misozi inatsikira m'khutu. Anayesa kunena kanthu, ndipo ndinawerama kuti ndimve.

"Mayi uja... anandiyang'ana."

Chitsulo cha bedi chinalira. Phazi lamanja linali layambanso: kukankha, kusiya, kukankha. Febby anapita kumiyendo, anavundukula bulangete, n'kuligwira phazilo ndi manja onse awiri.

"Yaima, atate ake Emmy," anatero. "Lole yaima. Chotsani phazi."

Ndinaika unyolo m'thumba n'kutuluka. Ndili pakhonde ndinkamvabe chitsulo chija chikulira.